Oyilo wa Dobrila Wasanduka Mkaka

Vani ya Dobrila anaikoka ndi thirakitala n'kudzaisiya pakhomo pa galaja ya Obrad, kumaso kutaphwanyika, matope a m'ngalande adakali m'matayala. Mwini wake anali atathamangira naye kuchipatala ndi mkono wothyoka. Akuti injini inayamba kugogoda atangolowa mtsetse wopita kutauni, kenako inazima, mabuleki n'kuuma gwa, chiwongolero n'kukana kukhota. Pakanapanda chitsa chimene chinaigwira m'mphepete mwa phompho, bwenzi amuna a m'mudzimo akukumba manda m'malo moimirira pagalaja manja ali m'thumba.

Zagorka, mkazi wa Obrad, ankaonera zonsezi pazenera uku akuchapa nsalu za phwando ladzulo. Tisabise, chisoni anali nacho, koma chongokwana m'supuni. Dobrila anali mayi wamasiye wa tsidya la msewu, wogulitsa tchizi kumsika, wa tsitsi lokana imvi ngakhale anabadwa chaka chimodzi ndi Zagorka. Vani yakeyo inkadwala kuposa khanda lomera mano, ndipo ikangotsokomola Obrad ankasiya chilichonse n'kuwoloka msewu ndi bokosi la masipanala. Mpopi wa m'khitchini mwa Zagorka unayamba kudontha nthawi yothyola mapulamu, koma makaniko wa pakhomopo ankangoti, "Mawa." Nsanje inamudya Zagorka mpaka anaizolowera, ankadzuka nayo n'kukagona nayo.

Anatikita kansalu kopeta maluwa kamene Obrad anakakoleka paphewa dzulo potumikira alendo. Panali banga lakuda la oyilo.

"Munthu ameneyu thukuta lake ndi oyilo," ananyinyirika yekha. "Ngakhale tsiku loyera." Anakaponya kansaluko m'beseni, n'kupukuta manja, n'kutuluka.

Pagalaja anapeza Radenko, wapolisi wa dera lonselo, amene akamaganiza ankakanda pansi pa chipewa. Panalinso Vidak wa kutauni, woyendetsa mathiraki ochoka kuno ku Serbia kupita ku Germany. Iyeyu analinso kuphwando dzulo, atavala nsapato zoti ungadzionerepo nkhope.

Obrad anasolola kawaya koyezera oyilo n'kukakweza m'mwamba. Oyiloyo sanali wakuda. Anali phala lotuwa, ngati khofi wochuluka mkaka.

"Madzi oziziritsa injini alowa mu oyilo," anatero Obrad osayang'ana munthu kumaso. "Gasiketi yaphulika. Ndinaika ndekha mwezi watha, ndiye kuti mutu wa injini sindinaumange bwino. Cholakwa n'changa. Ndimukonzera, ikakanika ndimupezera injini ina. Lembani choncho, a Radenko, anthu azipita kwawo."

Zagorka anatsala pang'ono kukhala pansi. Chikwatirane anali asanamvepo mawu oti "cholakwa n'changa" akutuluka pakamwa pa Obrad. Galimoto ikafa, wolakwa ankakhala mwini wake, kapena msewu, kapena amene anaipanga.

"Taimani kaye, amisiri," anatero Vidak, akupinda malaya pang'onopang'ono. Anatsegula chivindikiro cha rediyeta. "Madzi akathawira mu oyilo amachokera muno, ndiye muno muyenera kuperewera. Taonani, a Radenko. Ndi modzaza mpaka pakhosi. Ndipo ndi abuluu, omwe aja amisiri amathira galimoto zonse za mudzi uno."

Anagwada, n'kuika beseni pansi pa injini, n'kumasula bawuti. Poyamba panatuluka timadzi tofiira, kenako phala lija.

"Awa ndi ofiira," anatero Vidak. "Mbuzi ya khola lina imeneyi."

"Mukuti chiyani kwenikweni?" anafunsa Radenko.

"Ndikuti gasiketi ili bwinobwino, amisiri asadzinamizire. Wina anatsegula boneti n'kuthira madzi oziziritsa pothirira oyilo. Anathiranso ndi fanulo. Pothirira pake pali mkatikati umo, kunsi kwa galasi. Popanda fanulo bwenzi atatayira ponseponse, koma apa palibe n'dontho lomwe. Mpaka chivindikiro anachipukuta."

Radenko anakanda pansi pa chipewa. Anafunsa kumene vaniyo inagona, ndipo aliyense anali ndi yankho: m'shedi mwa Dobrila, chokhoma, galu wake wolusa uja ali pakhomo. Koma dzulo lonse inaswera kuseri kwa nyumba ya Obrad, poti Dobrila anabweretsa tchizi ndi mipando yobwereka. Makiyi anali momwemo, monga amachitira aliyense pa phwando, kuti wotsekeredwa athe kusuntha ya mnzake.

"Ngati mukuganizira amuna anga, iwalani," anatero Zagorka, akulowa pakati pawo. "Dzulo inali slava yathu, tsiku la woyera mtima wa banja lino. Mukudziwa nonse kuti kandulo ikamayaka mwini nyumba sakhala pansi, satuluka pachipata, sagwira ntchito. Anaimirira pamaso pa alendo tsiku lonse. Galaja ndinakhoma ndine, mafanulo awo onse ali mkati, kiyi n'kuponya m'thumba la epuloni. Ndimawadziwa, akanazemba kukamasula china chake."

"Amisiri sindinawaganizire n'komwe," anatero Radenko mwaulemu. "Mwati kiyi anali ndi inu?"

Radenko sanadikire yankho.

"Azimayi amene ankakuthandizani kukhitchini akuti munayankhula mawu ena ake."

"Ndimayankhula mawu ambiri, mwanawe. Ndinayamba usanabadwe."

"Akuti munati tsiku lina vani imeneyi idzafa imfa yosadzukanso, mwina mpamene mpopi wanu udzakonzedwe."

Anayankhuladi. Anawayankhula akuduladula nyama, azimayi onse n'kuseka. Zagorka anatembenukira kwa mwamuna wake, kudikira kuti anene kamodzi kokha kuti mkazi wanga sangachite zimenezo. Obrad anali akupukuta kawaya kaja, kamene kanali katayera kale.

"Mawa masana ndibwera ndi anzanga a kutauni," anatero Radenko. "Munthu akanafa, mayi. Musapite kutali."

* * *

Chakudya chamadzulo anadya zotsala za phwando.

"Munanamiranji za gasiketi?" anafunsa Zagorka.

"Ndinkafuna nkhani ithere pomwepo."

"Mumabisa ine?"

Obrad anatafuna nthawi yaitali. "Idya," anatero.

Kwa kanthawi mtima wa Zagorka unafunda. Mwamuna wonyada chotere kulolera kunyozetsa manja ake pagulu kuti mkazi wake asamangidwe, si chikondi chimenecho? Koma nsanje sigona tulo. Asanamalize kutsuka mbale inali itamunong'oneza zina: wobisidwayo si iwe, ndi wa tsidya uja. Dobrila anathira yekha madziwo, kuti injini ife, Obrad akaswere pakhomo pake nyengo yonse yachisanu akumasula ndi kumanga. Anangophonya muyeso, osadziwa kuti ikazimira pamtsetse. Ndipo Obrad wazindikira, n'chifukwa chake akunama.

Zagorka anaona kuti zikugwirizana bwino kwambiri, moti anakwiya ngati waziona ndi maso.

* * *

M'mawa anawoloka msewu ndi mphika wa msuzi, poti kwa wodwala supita chimanjamanja ngakhale ukukamuulula. Dobrila anali atabwerako kuchipatala. Anamupeza atakhala pafupi ndi mbaula, mkono uli m'chikhakha, tsaya litatupa. Zagorka anaona kuti ngakhale atatupa choncho ankaonekabe bwino, ndipo zinamuwawa.

"Aneba," anatero Dobrila, "mwabwera kudzamalizitsa?"

"Ndabwera ndi msuzi. Ndikanafuna kukupha sindikanavutika ndi boneti, ndilibe luso limenelo."

"Anthu akuti ndinu."

"Anthu amati dziko litha chaka chatha." Zagorka anaika mphika pambaula n'kukhala osauzidwa. "Tiye tiyankhule ngati akazi akuluakulu. Madzi ofiira aja unawagula kuti?"

Dobrila anamuyang'ana kaye, kenako anayamba kuseka, mpaka anagwira nthiti ndi dzanja labwinolo. "Ndiye ndinathira ndekha? Kuti nditani, ndiuluke?"

"Kuti amuna anga asachoke pakhomo pako. Vani yako imadwala makaniko akakhala panyumba pokhapokha. Akapita kutauni imachira."

"Mayi inu, vani imeneyo theka la matenda ake ine sindinkawamva n'komwe. Amuna anu ndiwo ankabwera okha, ati ndamva kaphokoso mukudutsa. Ine ndikanatani, ndiwathamangitse ndi tsache? Ndinkawaphikira khofi n'kumapitiriza ntchito zanga." Anapukuta misozi ya kusekako. "Komanso ndiwasungirenji? Kodi simunamve?"

"Ndimve chiyani?"

"Zoona, munali kukhitchini. Vidak anaimirira patebulo panu pomwe, tambula m'manja, n'kuuza anthu onse. Tikukwatirana. Dzulo lija ndinkapita kukaona nyumba yake ndi achemwali ake. Chisanu chisanafike ndisamuka, ng'ombe ndigulitsa, vani ndisiyira mlamu wanga. Kupatula ine, amuna okhaokha ndiwo anali patebulo nthawi imeneyo, ndiye mwina nkhani sinafike kumapoto."

Zagorka anangoti kukamwa yasa. Uthenga umene akanavinira pakati pa msewu unali utanenedwa m'nyumba mwake momwe, iye ali kalikiliki ndi kabichi.

"Ndikanadziwa," anatero pang'onopang'ono, "bwenzi nditakukankhira vaniyo ndekha mpaka kutauni."

"Ndikudziwa, aneba. N'chifukwa chake ndinauza Radenko kuti mwina simunamve, apo ayi simukanathira."

"Sindinathire, kumva kapena kusamva."

"Ndiye ndani? Ine ndilibe mdani, kupatula inu."

Zagorka anaimirira n'kukonza mpango. Mlandu umene anaumanga usiku wonse unali utagwa, ndipo m'malo mwake munatsala funso limene sanalikonde. Sanalinso kufuna munthu wodana ndi Dobrila. Ankafuna munthu amene sanafune kuti Dobrila apite.

Ali pakhomo anatembenuka. "Vidak atanena zimenezo, anthu anati bwanji?"

"Anaomba m'manja, n'kumenyanitsa matambula. Kachasu anatha pomwepo."

* * *

A Milisav ankakhala kumapeto kwa mudzi, ndipo pa slava iliyonse ya m'mudzimo mpando wawo unali umodzi: pafupi ndi zenera loyang'ana pabwalo, pomwe mwendo wawo wouma sungapunthwitse anthu. Ankafika woyamba n'kuchoka womaliza. Makutu anali atayamba kuwathawa, koma maso ndi lilime zinali za mnyamata. Zagorka anawapeza akuswa mtedza padzuwa.

"Amalume, munali pazenera tsiku lonse. Ndani anapita kuseri kumene kunali magalimoto?"

"Wati wabwera ndi chiyani?"

"Sindinabwere ndi kanthu. Ndani anapita kuseri?"

"Ndiye bwanji ukukuwa? Radenko wandifunsa kale zomwezo. Palibe. Osuta fodya ankaima pakhonde, poti kunkazizira. Okataya madzi ankapita kumanzere. Kuseri kulibe anapondako."

"Vidak?"

"Wa nsapato uja? Amene uja anamatirira pampando ngati phula. Ankaopa kuti akadzuka wina amukhalira pafupi ndi Dobrila wakeyo."

"Ine munandiona?"

"Iwe ndinkangokumva. Mawu ako sanachoke kukhitchini chiyambire m'mawa, ndipo amadutsa khoma. Ndinamuuza Radenko, koma akuti khitchini ili ndi khomo lakelake." Anaswa mtedza wina n'kuuyang'anitsitsa. "Koma poti wabwera, ndili ndi dandaulo. Ukamuuze Obrad kuti asayambe zachinyengo atakula kale. Kachasu wa bambo ake ndinamwa, wa agogo ake ndinamwa. Kachasu wa mapulamu wa nyumba imene ija amaluma pakhosi n'kusiya fungo la chipatso. Sanayambe watsekemerapo."

"Simunamwe wotsekemera kwathu, amalume. Shuga sayandikira mbiya yathu."

"Botolo loyamba linali bwino. Lachiwiri bwino. Koma limene linabwera titamaliza kuombera m'manja za ukwati zija, tambula yoyamba inali yanga. Inatsekemera ngati mankhwala a chifuwa a ana, ndipo pamwamba pankayandama timafuta. Ndinathira mu duwa lako la pazenera lija. Ukaliyang'ane ngati lili moyo." Analoza Zagorka ndi kachitsulo koswera mtedza. "Achinyamata aja anangomwa, iwo angamwe ndi palafini yemwe. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Komanso linachedwa botolo limenelo, mpaka pakhosi panauma."

Zagorka anawasendera pafupi. "Anakalitenga ndani?"

"Funso lanji limenelo? Pa slava amatunga m'mbiya ndani? Mwini nyumba."

"Ndiye kuti anatuluka."

"Anatuluka kangapo. Khomo la chipinda chanu chapansi lili kuseri, adzera kuti?"

"Koma mwangonena kumene kuti kuseri kulibe anapondako."

A Milisav anamuyang'ana ngati wafunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa. "Mwana wanga, Radenko anandifunsa za anthu. Mwini nyumba pa slava sawerengedwa. Amalowa, amatuluka, botolo m'manja, ndiyo ntchito yake. Ukamawerenga amene alowa m'tchalitchi umawerenganso wansembe?"

Zagorka anachoka osatsazika, ndipo anawamva akukuwa kumbuyo kuti asaiwale kumuuza Obrad za shuga.

* * *

M'chipinda chapansi munkanunkhira maapozi ndi chinyontho. Zagorka anayatsa getsi n'kuima kaye pamakwerero. Zaka zonsezi ankafunafuna umboni m'matumba a malaya a Obrad, m'kolala, m'maso mwake akabwera kuchokera tsidya. Lero umboni unali kumudikira m'nyumba mwake, ndipo sankaufunanso.

Kuseri kwa mitsuko ya kabichi kunali botolo lapulasitiki la zakumwa, lomangidwa kansanza pakhosi. Zagorka anamanga yekha kansanzako chaka chimene anaika mapaipi otenthetsa nyumba, kuti wina asadzamwe poyesa ndi vinyo. Munali madzi ofiira otsala pa ntchito imeneyo, oletsa mapaipi kuuma ndi chisanu, ndipo Obrad ananena nthawi imeneyo kuti ndi amodzimodzi ndi a m'galimoto. Botololo linkakhala lodzaza. Tsopano munali tongonyowetsa pansi, ndipo pafumbi la m'mbali mwake panali zidindo za zala.

Fanulo ya kachasu inali pamsomali wake pamwamba pa mbiya. Inali yamkuwa, ya khosi lalitali, ya apongozi ake aamuna, ndipo Obrad sankalola munthu kuigwiritsa ntchito ina, ngakhale kuthirira vinyo. Zagorka anaitsitsa n'kuipendeketsa pagetsi. Kunja anali ataipukuta bwino. Koma kunsonga kwake, mkati, kunali kamzere kakuda. Analowetsa chala chaching'ono n'kuchitulutsa chili noninoni. Anagunditsa chala china m'mbali mwa fanuloyo n'kuchiika palilime. Kunali kutsekemera, ndipo analavula.

Pomwepo anakumbukira kansalu kopeta kaja kali m'beseni. Tsiku limenelo galaja inali yokhoma, ndipo iye mwini analumbira pamaso pa wapolisi kuti mwamuna wake sanakhudze chitsulo. Nanga banga la oyilo linachokera kuti? Analiona ndi maso ake, analitikita ndi manja ake, n'kungonyinyirika.

Anakhala pa bokosi la maapozi. Sanalire. Chimene chinamupweteka sichinali choti Obrad amakonda Dobrila, poti chimenecho anachidziwa kalekale, mudzi wonse ukumuseka kuti ndi nsanje chabe. Chinamupweteka n'choti Obrad amatha kuchita nsanje. Munthu amene sanafunsepo kuti unali kuti, amene pa ukwati wa mwana wawo anamusiya kuvina ndi amuna onse a m'mudzi iye akukamba za mapisitoni, anali nayo nsanje yoti n'kuphera injini pa tsiku loyera. Inalipo nthawi yonseyi, koma sinali ya Zagorka.

Anakulunga fanulo mu epuloni n'kukwera makwerero.

* * *

Obrad anali atatsitsa kale injini ya vani n'kuiika pathebulo lachitsulo. Anali ataitsegula pamimba, zitsulo zake atazindandalika pansalu mwadongosolo, monga ankachitira nthawi zonse. Phala lotuwa lija linali paliponse. Iye anakhala pa mgolo, atagwira kachitsulo kopindika kamene kanapsa mpaka kuda.

"Yatheratu," anatero osacheuka. "Mabering'i apsa, shafuti yakulika. Yofunika ina."

"Gasiketi mwaipeza bwanji?"

Obrad anangoiloza ndi mutu. Gasiketiyo inali pambali pake, yathunthu, yopanda ndi mng'alu womwe.

Zagorka anatulutsa fanulo n'kuiika pathebulopo, pakati pa zitsulo. Inalira pang'ono pogunda chitsulo chinzake. Obrad anaiyang'ana nthawi yaitali, ndipo khosi lake linafiira kuyambira m'kolala.

"A Milisav akuti musiye kuthira shuga m'kachasu," anatero Zagorka.

"Zagorka..."

"Mukanaitsuka. Munthu wosamala ngati inu, wopukuta mpaka chivindikiro cha oyilo ndi nsalu yanga yopeta. Koma alendo ankadikira, eti? Mwini nyumba sachedwa ndi botolo."

Obrad anaika kachitsulo kaja pansi mosamala, ngati kangasweke. "Sindinafune kuti avulale. Ndikulumbira pa kandulo ija. Ndinkati iyamba kugogoda asanatuluke m'mudzi, aima pamlatho, andiitana. Injini imeneyi ndimaidziwa. Sindinaganize kuti ipirira mpaka pamtsetse."

"Munaikonza bwino kwambiri, ndiye vuto lake. Akanakuitanani, kenako?"

"Kenako ikanatenga nthawi. Kufuna zipangizo, kudikira. Mwina akanaganiza bwino. Munthu uja samudziwa n'komwe, miyezi yonse amakhala pamsewu, amusiya yekha m'nyumba ya m'mwamba ngati mbalame ya m'khola..."

"Tamverani mmene mukumudandaulira."

"Palibe chimene chinachitika pakati pa ine ndi iye. Ngakhale dzanja lake sindinaligwirepo."

"Ndikudziwa. Wandiuza yekha kuti ankangokuphikirani khofi kuti muzipita." Zagorka anaona kuti mawuwo alasa, ndipo sanamve chisoni. "Mukanagona naye bwenzi ndikudziwa chochita. Ndikanaswa mbale, ndikanamuzula tsitsi lakelo, n'kutha. Koma inu munatuluka pa slava ya bambo anu, kandulo ikuyaka, kukathira chiphe ndi fanulo yawo chifukwa mkazi wa eni akukwatiwa. Ine ndinavina ndi mudzi wonse inu osatukula n'maso omwe."

"Iwe sukanapita kulikonse," anatero Obrad motsitsa. Ananena ngati akumuyamikira.

Zagorka anagwira m'mphepete mwa thebulo. Panja panamveka galimoto ikuchepetsa liwiro pamlatho.

"Dzulo Radenko anandiloza pamaso pa mudzi wonse," anatero. "Ndinakuyang'anani. Munali kupukuta kawaya."

"Ndinanena kuti ndi gasiketi. Ndinayesetsa."

"Munayesetsa kubisa ndani?"

Obrad anasuzumira kuchipata.

"Alibe umboni," anatero kenako, mofulumira. "Akufunsa mafunso n'kukusiya. Iwe sunachite, ndiye angakutani? Anthu ayankhula mwezi umodzi n'kuiwala. Bweza fanuloyo pamsomali. Injini ndimupezera ina, ndiika ndekha, azipita kwa mwamuna wakeyo. Mpopi ndikonza lero lomwe."

Ndiye kuti anali ataziganizira kale. Mkazi wake akanakhala mfiti ya mudzi, wolozedwa ndi ana akamadutsa, mayi uja anafuna kupha mnzake chifukwa cha nsanje. Dzina limenelo linali lomuyenera kale, anthu sakanavutika kulikhulupirira. Obrad akanatsala mmisiri wachifundo wokonzera amasiye magalimoto. Ndipo malipiro ake a Zagorka akanakhala mpopi.

Galimoto ija inaima pachipata. Zitseko zinatsekedwa, ndipo Radenko anamveka akuuza anzake kuti asamale matope.

Zagorka anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa kiyi wa galaja uja, amene anamusunga zaka zonse za ukwati wawo. Anamuika pafupi ndi gasiketi. Kenako anatenga fanulo ija n'kuigwira poonekera, manja onse awiri.

"Zagorka, chonde."

Radenko anaima pakhomo, chipewa m'manja, apolisi awiri achilendo ali kumbuyo kwake. "Mayi," anatero mwamanyazi, "tiyankhule nanu pang'ono m'nyumba."

"Tiyankhulira pompano, mwanawe. Ubwere ndi a Milisav, ulowenso m'chipinda chapansi, muli botolo la kansanza pakhosi. Usaligwire m'mbali, pali zala." Anamupatsa fanuloyo. "Iyi uyambe wainunkhiza kunsonga."

Radenko anayang'ana fanulo, n'kuyang'ana Zagorka, kenako maso ake anapita pang'onopang'ono kwa munthu amene anakhala pamgolo, mutu uli pansi, manja ali lende pakati pa mawondo.

Zagorka sanakweze mawu.

"Imirira, Obrad," anatero. "Kwabwera alendo ako."